Mwana akutentha thupi ndi kutsegula m'mimba: kodi ndi mano?

Funso: Ndine mayi wa mwana mmodzi, ndimakhala m'mudzi wina kufupi ndi Ngabu. Mwana wanga ali ndi miyezi 8. Kwa sabata tsopano akuchucha dovu ndipo akuluma chilichonse, ngakhale bere. Kuyambira dzana thupi likutentha, akutsegulanso m'mimba kanayi kapena kasanu pa tsiku, chimbudzi chamadzimadzi. Apongozi anga ndi amayi ena pamjigo akuti ndisadandaule, ndi mano, akangotuluka zonse zitha. Kodi n'zoona? Nanga ndingamuthandize bwanji?

Yankho: Mayi, musadikire kuti dzino lituluke. Pitani naye lero lomwe kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena kuchipatala cha Ngabu akamuyeze magazi. Dovu ndi kulumako zikhoza kukhaladi za mano. Koma thupi lotentha kwa masiku awiri, ndi chimbudzi chamadzi kasanu pa tsiku, dzino silichita zimenezo. Amenewo ndi matenda amene angofika nthawi imodzi ndi dzino. Muyamwitseni musananyamuke, ndipo ngati m'nyumba muli paketi ya Thanzi ORS, isungunuleni muzimumwetsa m'njira. Zina zonsezi muwerenge mutabwerako.

Mwana amabadwa mano ake onse 20 aubwana ali kale m'kati mwa nkhama, obisika. Ana ambiri dzino loyamba limaboola nkhama ali ndi miyezi 6 mpaka 10, ndipo kawirikawiri amayamba ndi awiri akutsogolo am'munsi. Awiri akutsogolo am'mwamba amatsatira pa miyezi 8 mpaka 12, kenako oyandikana nawo. Achibwano oyamba amatuluka mwana atakwanitsa chaka, pakati pa miyezi 13 ndi 19. Osongoka aja amabwera pambuyo pake, cha pa miyezi 16 mpaka 23, ndipo achibwano omaliza amatuluka pakati pa miyezi 23 ndi 33. Pofika zaka zitatu onse amakhala atakwana. Mwana wina amayamba ndi miyezi 4, wina amakwanitsa chaka m'kamwa muli mbee, ndipo onsewo ali bwino. Kuyamba ndi mano am'mwamba, kumene akuluakulu ena amada nako nkhawa, sikusonyeza vuto lililonse m'thupi la mwana. Koma akafika miyezi 18 popanda dzino ndi limodzi lomwe, kamuonetseni kwa a mano pachipatala cha boma.

Dzino likamayandikira, nkhama pamalo pamenepo imatupa pang'ono, imafiira ndipo imayabwa. N'chifukwa chake mwana amaluma chala chake, m'mphepete mwa chitenje, supuni, ngakhale bere lanu. Dovu limachuluka, ndipo likakhalitsa pachibwano ndi m'khosi khungu limatuluka tizidzolo. Amavuta, amafuna kunyamulidwa, amadzikanda khutu la mbali imene dzino likutulukira, ndipo phala amalikana ngakhale bere akuyamwa bwino. Thupi likhoza kufunda pang'ono chabe. Nthawi zina pankhama pamatuluka kachotupa kofewa kobiriwira ngati muli magazi. Kameneko kamaphulika kokha dzino likatuluka, musakabaye. Dziwaninso kuti dovu limayamba mwana ali ndi miyezi itatu kapena inayi chifukwa malovu achuluka pomwe iye sanazolowere kuwameza, kotero dovu palokha silitanthauza kuti dzino lafika.

Zimenezi zinafufuzidwa mosamala. Madokotala a ku Cleveland, ku America, anatsatira ana 125 tsiku ndi tsiku, makolo akulemba chilichonse chimene akuona, ndipo anawerenga mano 475 akutuluka. Zotsatira zake zinasindikizidwa mu 2000. Anapeza kuti zizindikiro za mano zimakhala m'masiku 8 okha: masiku anayi dzino lisanaboole, tsiku loboola, ndi masiku atatu otsatira. Kuluma, dovu, kuvuta, tizidzolo tapankhope, kukana zakudya ndi kufunda pang'ono zinagwirizana ndi mano. Kutsegula m'mimba, kusanza, chifuwa, kukana kumwa ndi kutentha thupi kwambiri sizinagwirizane nawo.

Nanga n'chifukwa chiyani amayi ambiri, kuyambira ku Chapananga mpaka ku Marka, amanena chimodzimodzi, kuti mwana akamamera mano amatsegula m'mimba? Sakunama. Zimene amaonazo zimachitikadi, kungoti chifukwa chake ndi china.

Pa miyezi 6 zinthu zitatu zimachitika nthawi imodzi. Chitetezo chimene mwana analandira kwa mayi ake ali m'mimba chimakhala chikutha, pomwe chake sichinakhwime. Ndi nthawi yomwenso amayamba kudya phala ndi kumwa madzi, pamene kale ankadalira bere lokha, lomwe lilibe tizilombo toyambitsa kutsegula m'mimba. Ndiye amayamba kukhala pansi ndi kukwawa, ndipo chilichonse chimene dzanja lake lagwira chimathera m'kamwa: dothi, chitsononkho, patapata ya abambo ake, zitosi za nkhuku. Pamene nkhama ikuyabwa amaluma zambiri kuposa masiku onse. Apa m'pamene pali kugwirizana kwenikweni pakati pa mano ndi m'mimba. Dzino limachititsa mwana kuluma, ndipo chimene walumacho ndicho chimamudwalitsa.

Tawerengeraninso izi. Mano ndi 20, lililonse ndi masiku ake 8, ndiye kuti masiku okwana 160 ngati atuluka limodzilimodzi, m'kati mwa zaka ziwiri. Pafupifupi tsiku limodzi mwa masiku asanu aliwonse pamakhala dzino limene lili m'njira. Mwana wa msinkhu umenewu akadwala malungo, chibayo kapena khutu, mukasuzumira m'kamwa simulephera kupeza pankhama potupa. Patapita masiku dzino latuluka, matenda ena atha okha, aliyense n'kumati tinanena ife. Mwana amene matenda ake sanathe okha sakumbukiridwa pankhani ya mano, amanenedwa kuti zinangomugwera.

Ndipo chikhulupiriro chimenechi si cha kuno kokha. Mu 1842, m'kaundula wa imfa za mumzinda wa London, ana pafupifupi 5 mwa 100 aliwonse amene anamwalira asanakwanitse chaka analembedwa kuti anafa ndi kumera mano. Madokotala a nthawi imeneyo ankacheka nkhama za makanda ndi mpeni, ndipo ufa wa mano umene unkagulitsidwa unali ndi poizoni wotchedwa mercury, amene anadwalitsa ndi kupha ana mpaka unachotsedwa pamsika m'zaka za m'ma 1950. Choncho musawaone apongozi anu ngati osadziwa. Anaphunzira zimene anthu ambiri padziko ankakhulupirira, ophunzira omwe.

Chimene chimandidetsa nkhawa n'chakuti kuchigwa cha Shire kuno mawu akuti “ndi mano” amadya masiku amene mwana alibe.

Tiyambe ndi kutentha thupi. Ku Chikwawa ndi Nsanje udzudzu sutha chaka chonse chifukwa cha mtsinje wa Shire, madambo a Elephant Marsh ndi Ndindi, madimba ndi ngalande zothirira nzimbe. Mwana wosakwana zaka zisanu akatentha thupi kuno, funso loyamba ndi malungo, ndipo ayenera kuyezedwa pasanathe maola 24. Kuchipatala, choyezera chikaonetsa madigiri 37.5 kukhwapa kapena kuposa pamenepo, timati thupi latentha. Dzino lokha silifikitsa mwana pa 38. Ngati mulibe choyezera, mutsitseni kumsana, mumuvule, mukhale naye pamthunzi kwa mphindi 15 kapena 20, kenako mugwire pamimba ndi kukhwapa ndi kunja kwa dzanja lanu. Izi n'zofunika makamaka mu Okutobala ndi Novembala pamene kutentha kumapitirira madigiri 40, chifukwa mwana amene wangotsika kumsana amatentha ngakhale ali bwinobwino. Akapitiriza kutentha atapuma pamthunzi, akudwala.

Kuyeza malungo n'kobaya chala kapena chidendene, ndipo zotsatira zimatuluka pa mphindi 15 mpaka 20. Mlangizi wa zaumoyo amene ali ndi kiliniki ya m'mudzi amathandiza ana a miyezi iwiri mpaka zaka zisanu: amayeza malungo, amapereka LA, Thanzi ndi zinki, amawerenga kapumidwe ndi kupereka amoxicillin pa chibayo, ndipo amene wadwalika amamutumiza kuchipatala chachikulu. Akapezeka ndi malungo, mwana wolemera makilogalamu 5 mpaka 14 amamwa piritsi limodzi la LA kawiri pa tsiku kwa masiku atatu, onse pamodzi mapiritsi 6. Piritsi lachiwiri limamwedwa patatha maola 8 kuchokera pa loyamba. Muyamwitseni akangomwa, chifukwa mafuta a mumkaka amathandiza mankhwalawa kulowa m'magazi. Akasanza pasanathe mphindi 30, mupatseninso lina ndipo mukauze achipatala akuwonjezereni. Malizani onse 6 ngakhale aoneke kuti wachira pa tsiku lachiwiri. Ngati analandira katemera wa malungo, amene anayamba kuperekedwa m'maboma awiriwa mu 2019 kwa ana a miyezi 5, 6, 7 ndi 22, zimenezo n'zabwino kwambiri, koma katemerayu amachepetsa malungo, sawatsekereza onse. Kuyezetsa n'kofunikabe, ndipo neti agonemobe.

Magazi akapanda kuonetsa malungo, musabwerere ndi mtima woti ndiye kuti ndi mano basi. Mwana amene amakoka khutu kwinaku akutentha ndi kulira kwambiri akagonekedwa akhoza kukhala ndi matenda a m'khutu. Amene dovu lachuluka mwadzidzidzi, akukana ngakhale bere, nkhama yonse yafiira ndipo pali tizilonda palilime ndi m'milomo, ali ndi zilonda za m'kamwa zobwera ndi kachilombo. Zoyera ngati mkaka wogona zimene sizichoka mukapukuta ndi matenda enanso, ndipo ali ndi mankhwala ake. Matenda a m'njira ya mkodzo mwa makanda saonetsa chizindikiro china kupatula kutentha thupi. Pa chibayo, werengani kapumidwe mwana ali phee kwa mphindi yathunthu: wa miyezi iwiri mpaka 11 akapuma ka 50 kapena kuposa, ndipo wa chaka chimodzi mpaka zisanu akapuma ka 40 kapena kuposa, akupuma mofulumira.

Tsopano kutsegula m'mimba, kumene ndikufuna ndikhalitsepo. Timati mwana watsegula m'mimba akachita chimbudzi chamadzi katatu kapena kuposa pa tsiku limodzi, usana ndi usiku. Choopsa kwenikweni ndi madzi amene akutayika. Mwana wa miyezi 8 amalemera cha m'ma kilogalamu 8. Akataya madzi okwana mamililita 400, omwe sadzaza n'komwe botolo la 500, thupi layamba kale kuuma. Akataya 800 moyo uli pangozi. Kuchigwa kuno akutayanso ena ndi thukuta, ndi ena chifukwa thupi latentha, kotero thupi limauma msanga kuno kuposa kumapiri.

Yang'anani maso ngati alowa m'kati, milomo ndi lilime ngati zauma, ndiponso ngati akulira popanda misozi. Kumbukirani kuti wakodza liti. Tsinani khungu la pamimba ndi zala ziwiri n'kulisiya: likachedwa kubwerera, madzi achepa. Ndipo yang'anani liwombo. Liwombo likalowa m'kati, ambiri amathamangira kukapaka mankhwala pamutu, koma vuto silili pamutupo. Lalowa chifukwa madzi atha m'thupi, ndipo limadzuka lokha mwana akamwa mokwanira. Chimene mwapaka pamwamba sichingabwezere madzi amene akutuluka kumunsi.

Kasungunulidwe ka Thanzi ORS n'kotere. Sambani m'manja ndi sopo. Tengani lita imodzi ya madzi owiritsa amene azizira, kapena othira klorini. Mabotolo awiri a 500 ndiye lita imodzi. Thirani paketi yonse, mutakase mpaka isungunuke. Musathire theka la paketi m'kapu mongoyerekeza, chifukwa mchere ukachuluka umakoka madzi ena m'thupi la mwana ndipo ukhoza kumukomola. Musawonjezere shuga kapena Sobo kuti akome. Mwana wosakwana zaka ziwiri amwe mamililita 50 mpaka 100 nthawi iliyonse akachita chimbudzi, ndiye kuti kota mpaka theka la kapu ya tiyi. Mupatseni ndi supuni yaing'ono, supuni imodzi pa mphindi imodzi kapena ziwiri, osati kumugugudiza. Akasanza dikirani mphindi 10, muyambirenso pang'onopang'ono. Otsala akatha maola 24 atayeni, musungunule ena.

Zinki ndiye amene amayi ambiri amasiyira panjira. Mwana wa miyezi 6 kupita m'tsogolo amamwa piritsi limodzi la mamiligalamu 20 pa tsiku, wosakwana miyezi 6 amamwa theka, kwa masiku 10 mpaka 14 monga akuuzireni achipatala. Piritsili limasungunuka mosavuta m'supuni ya mkaka wa m'mawere. Limafupikitsa matendawa, limakonza matumbo, ndipo limateteza mwana kuti asatsegulenso m'mimba kwa miyezi iwiri kapena itatu ikubwerayo. Phindu lomalizali limapezeka pokhapokha mwamaliza masiku onse, ngakhale chimbudzi chitalimba pa tsiku lachitatu.

Bere musalisiye ngakhale pang'ono. Muyamwitseni pafupipafupi kuposa kale, usiku womwe. Mkaka suwonongeka chifukwa mwayenda padzuwa kuchokera kudimba, ndipo sikuti ndiwo ukumutsegula m'mimba. Phala nalo musalichotse poganiza kuti m'mimba mupume. Mupatseni pang'onopang'ono koma kangapo, phala lolimbirako la mgaiwa, mapira kapena mchewere, lothira nsinjiro, ufa wa usipa kapena dzira, ndi kasupuni ka mafuta. Akachira muwonjezereni chakudya chimodzi pa tsiku kwa masabata awiri. Mwana amene amatsegula m'mimba mwezi ndi mwezi, nthawi zonse n'kumanenedwa kuti ndi dzino lina, ndi amene mzere wake wa kusikelo umayamba kugona, kenako kutsika, mpaka kukathera pa chiponde.

Pali zizindikiro zimene zikaoneka simudikira kuti kuche, simudikiranso kuti bambo ake abwere kuchokera kuntchito. Akulephera kuyamwa kapena kumwa. Akusanza chilichonse. Wakomoka, kapena thupi lauma n'kumagwedezeka maso atatembenuka. Wafooka moti sakudzuka mukamugwedeza. Pansi pa nthiti pakulowa m'kati akamakoka mpweya. M'chimbudzi muli magazi. Chimbudzi chikutuluka chochuluka, choyererako ngati madzi otsukira mpunga, chomwe ndi chizindikiro cha kolera. M'manja ndi m'zikope mwayera, kusonyeza kuti magazi achepa. Mukaona chimodzi mwa zimenezi pezani kabaza, njinga yamoto kapena bwato, mupite pachipatala chimene chili pafupi, kaya ndi Ngabu, Montfort ku Nchalo, Chikwawa, Kalemba ku Bangula, Trinity ku Muona kapena Nsanje. Amene mumakhala kutsidya kwa Shire, monga ku Makhanga, kumene madzi amadula njira nyengo ya mvula, nyamukani msanga kuposa ena, ndipo sungani mapaketi awiri a Thanzi m'nyumba mvula isanayambe.

Achipatala akamuthandiza, nkhama yoyabwayo muithandize motere. Sambani m'manja ndi sopo, muwenge chikhadabo, musisite nkhama ndi chala mopanikiza pang'ono kwa mphindi imodzi kapena ziwiri. Kupanikizako n'kumene kumaziziritsa kuyabwa. Kansalu koyera, kochapidwa ndi sopo n'kuyanikidwa pachingwe, mukaviike m'madzi owiritsa amene azizira mumtsuko, mukafinye, mumupatse alume inu mutagwira mbali ina. Supuni yoyera yoviikidwa m'madzi ozizira imagwiranso ntchito. Ngati mwagula kolumira ka labala, sankhani kolimba kopanda madzi m'kati, muzikatsuka ndi sopo nthawi iliyonse kakagwa pansi, ndipo musakamangirire m'khosi. Dovu muzilipukuta mopondereza pang'ono osati mokhula, mupake Vaseline pachibwano ndi m'mapindi a khosi, ndipo malaya akanyowa muwasinthe, chifukwa dovu likasakanikirana ndi thukuta la kuno khungu limanyeka msanga. Akaluma bere, lowetsani chala chaching'ono pakona ya kamwa, mumuchotse, mudikire pang'ono, mumubwezerenso. Ana ambiri amaluma akakhuta, ndiye mukaona kuti wasiya kumeza muchotseni asanayambe.

Panado ndi wothandiza ngati mwana akulephera kugona ndi ululu, koma muyezo wake umatsata kulemera: mamiligalamu 10 mpaka 15 pa kilogalamu iliyonse, maola 6 aliwonse, osapitirira kanayi pa tsiku. Wamadzi wa ana nthawi zambiri amakhala ndi mamiligalamu 120 pa mamililita 5, choncho mwana wa makilogalamu 8 amamwa mamililita 5. Werengani pabotolo, chifukwa mphamvu zimasiyana. Vuto la Panado n'lakuti amatsitsa kutentha osapha chimene chikutenthetsa. Mwana amaseka masana, mayi mtima pansi, pomwe malungo akupitirira kuswa magazi. Ngati mwamupatsa chifukwa thupi latentha, ulendo wakuchipatala ukhalepobe. Ndipo mwana amene akufunika Panado kupitirira masiku awiri, vuto lake si dzino.

Zimene zimavulaza ana pa nthawi imeneyi, zambiri zimaperekedwa ndi chikondi. Aspirin ndi mapiritsi a mutu a akuluakulu a m'magolosale sayenera mwana, kaya kumwetsa kaya kupera n'kupaka pankhama, chifukwa aspirin amawotcha nkhama ndipo akhoza kuwononga chiwindi ndi ubongo wa mwana wodwala. Makapusozi ndi Bactrim ogula pamsika sathandiza kutsegula m'mimba kwa masiku onse, kumene nthawi zambiri kumabwera ndi tizilombo tosamva mankhwala amenewa. Tetracycline makamaka amalowa m'mano amene akupangika m'kati mwa nkhama n'kuwadetsa mpaka kalekale, n'chifukwa chake saperekedwa kwa ana osakwana zaka 8. Mankhwala opaka ochititsa dzanzi pankhama amachoka ndi dovu pa mphindi zochepa, otsalawo mwana n'kumeza. Amene ali ndi benzocaine, bungwe loona za mankhwala ku America linachenjeza mu 2018 kuti asapakidwe mwana wosakwana zaka ziwiri, chifukwa amalepheretsa magazi kunyamula mpweya. Mankhwala amadzi olembedwa kuti ndi a mano, amene simukudziwa kumene achokera, asiyeni: ku Nigeria mu 2008 ndi 2009 ana 84 anafa impso zitawonongeka atamwa mankhwala otere amene anasakanikirana ndi poizoni. Uchi musapake pankhama ya mwana wosakwana chaka. Kachasu, phulusa, soda ndi mchere wokhula nazo nkhama zimangosiya chilonda.

Kucheka nkhama kapena kutema mphini kuti dzino lipeze njira n'koopsa kuposa zonsezi. Dzino silisowa njira. Lezala kapena singano zimabweretsa kafumbata, mafinya ndi kutaya magazi kwa mwana amene mwina malungo amuchepetsera kale magazi. M'mayiko ena a kum'mawa kwa Africa, monga Uganda ndi Tanzania, muli mchitidwe wokolowola timano tosakhwima ta makanda poganiza kuti ndito tikutsegula m'mimba. Ana ena amafa nazo, ndipo amene apulumuka mano awo aukulu amamera opunduka kapena samera n'komwe. Wina akakuuzani kuti zoyera zimene zikuoneka pansi pa nkhama zichotsedwe, kanani. Amenewo ndi mano ake enieni. Chingwe kapena mkanda wa m'khosi ukhoza kukola mwana akamakwawa kapena ali m'tulo, ndipo umathera m'kamwa ndi litsiro lake. Ngati banja silikufuna kuti uchotsedwe, kambiranani kuti usakhale m'khosi.

Nzimbe, zomwe kuno sizisowa, si cholumira cha khanda: ulusi wake umatsamwitsa ndipo shuga wake amayamba kudya dzino likangotuluka. Masau, mbewu za malambe, mtedza wosasinja ndi chimanga chokazinga zisakhale pamene dzanja lake lingafike, ndipo azikulu ake muwauze asamamugawire.

Kuti asatsegulenso m'mimba dzino lotsatira likamadza, yang'anani madzi, phala ndi pamene amakhala. Mijigo ina m'chigwa muno imatulutsa madzi amchere, ndipo mabanja amakatunga kumtsinje kapena m'zitsime zokumba pamchenga. Madzi akasefukira, monga zinachitikira ndi namondwe Ana mu 2022 ndi Freddy mu 2023, zimbudzi zimagwa ndipo zonyansa zimalowa ngakhale m'madzi ooneka oyera. Madzi a mwana awire mpaka kubwata, kapena athiridwe klorini pa muyezo umene mlangizi wakuuzani n'kudikira mphindi 30. Asungidwe m'chigubu chotseka chothira mopendeketsa, osati m'ndowa imene aliyense amaviikamo kapu ndi zala. Phala lophikidwa m'mawa lisadyedwe masana lili lozizira. Kutentha kwa kuno tizilombo timaswana mofulumira kwambiri, choncho likadutsa maola awiri liwiritseninso mpaka libwate, kapena muphike lochepa latsopano. Muyalireni mkeka woyera, nkhuku ndi abakha zikhale kutali, ndipo manja ake omwe muziwasambitsa ndi sopo asanadye, osati anu okha. Chimbudzi cha mwana chitayidwe m'chimbudzi, chili ndi tizilombo chimodzimodzi cha wamkulu. Onaninso m'buku lake ngati analandira katemera wa rota, woteteza ku kachilombo kena kotsegula m'mimba, amene amadonthezedwa m'kamwa pa masabata 6 ndi 10 ndipo anayamba kuperekedwa m'Malawi mu 2012.

Dzino likangotuluka liyambeni kutsuka, kawiri pa tsiku, ndi kansalu koyera kapena mswachi wofewa wa ana, mankhwala otsukira mano ochepa ngati kanjere ka mpunga. Mano aubwana adzagweluka inde, kuyambira zaka 6, koma akaola msanga mwana amavutika kudya ndipo aukulu amasowa malo. Tiyi wa shuga, mafirizesi ndi maswiti ndizo zimawaoletsa. M'madera ena a Nsanje ndi Chikwawa madzi a pansi ali ndi fluoride wochuluka, amene amasiya mawanga oyera kapena ofiirira pamano a ana. Kuwiritsa sikumuchotsa. Ngati ana ambiri a m'mudzi mwanu ali ndi mano otero, uzani komiti ya mjigo ipemphe a zamadzi adzayeze, ndipo mankhwala otsukira mano musapitirize kanjere kaja.

Za apongozi anu, musakangane nawo pa nkhani yoti dzino lilipo kapena palibe, chifukwa mwina lilipodi ndipo iwo analiona inu musanalione. Auzeni kuti mano mwawaona, koma mukufuna achipatala akaone ngati palibenso malungo, ndipo apempheni akuperekezeni. Agogo amene amva okha zotsatira za magazi, n'kuonetsedwa kasungunulidwe ka Thanzi, ndi amene adzamwetse mwanayo molondola tsiku limene inu muli kudimba.

Mukafika kwa mlangizi kapena kwa dokotala, musayambe ndi mawu akuti akumera mano. Nenani tsiku limene thupi linayamba kutentha, kangati wachita chimbudzi kuyambira dzulo ndi maonekedwe ake, ngati muli magazi, ngati akusanza, ngati akuyamwa monga mwa masiku onse, ndi nthawi imene wakodza komaliza. Nenaninso chilichonse chimene wamwa kale kapena kupakidwa, kaya ndi Panado, kapusozi kapena mankhwala achikuda, popanda kubisa, chifukwa zimasintha chithandizo chimene angapatsidwe. Tengani buku lake la kusikelo. Akakupatsani mankhwala a kunyumba, funsani tsiku loti mubwererenso, ndipo thupi likapitirira kutentha masiku awiri kapena atatu akumwa mankhwala, kapena akayamba kukana bere, bwererani osadikira tsikulo.